Timapazi ta ufa pakhomo pa abwana

Nkhaniyi ndiinena kamodzi. Wofuna kuseka akasekere kwawo.

Ndagwira ulonda pa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo zaka zambiri, ndipo palibe anadutsapo pa geti langa ine osadziwa. Mbiri imeneyo ndiye chuma changa, china ndilibe. Chaka chatha anandiika kunyumba kwa manijala watsopano wa fakitale, Mmwenye, wokhala ndi akazi ake ndi amayi ake okalamba ochokera ku Indiya.

M'mawa wina, nyengo yotentha ija mvula isanagwe, ndikuzungulira nyumba ndinaona timapazi toyera pakhonde. Ta ufa, ting'onoting'ono ngati ta khanda. Tinkachokera pamasitepe kulowa pakhomo. Totuluka panalibe.

Ine ndine mkulu wa mpingo, za ufiti sindizikhulupirira (koma ndimazidziwa). Khanda lanji loponda ufa n'kulowa m'nyumba ya eni osadzera pa geti? Komanso kufakitale odana ndi abwana sasowa. Sindinauze munthu. Ndinatunga madzi n'kutsuka khonde lonse. Ndinawazaponso mchere (wa nyerere, ngati mukufunsa).

Masana pobwera kokadya, timapazi tabwerera. Ulendo uno tili ndi maluwa ojambula m'mbali, ofiira ndi achikasu. Ndinati chinthuchi chikundiderera. Ndinatsukanso, mchere n'kukhuthula paketi yonse. Kenako ndinabisala kuseri kwa mpanda, chibonga m'manja, dzuwa likundiwotcha pamsana.

Cha m'ma folo koloko ndinamva kanthu kakukwawa pakhonde. Ndinalumpha.

"Ima pomwepo! M'dzina la Yesu!"

Mbale ya ufa inauluka. Anali amayi a abwana, atagwada, zala zili mbuu. Anakuwa m'chinenero chawo. Adona anatuluka chothamanga (iwo anabadwira ku Limbe, Chichewa n'chawo).

"Madala! Mukufuna kundiphera apongozi?"

"Ndimagwira mfiti, adona."

"Ndiye otsuka pano ndinu? Ife galu tam'mangirira kuyambira m'mawa, timati ndiye akunyambita ufa!"

Anandikhazika pansi ngati mwana wa Sitandade 1. Akuti tsikulo linali Diwali, chikondwerero chawo cha nyali, chokumbutsa kuti kuwala kumagonjetsa mdima. Amayeretsa nyumba n'kuyatsa tinyali tadothi, chifukwa Lakishimi, mulungu wawo wamkazi wa chuma ndi mwayi, amayendera makomo madzulo amenewo, ndipo pauve kapena pamdima salowa. Timapazito amajambula pofuna kum'kodola kuti alowe.

"Inu mwam'bweza kawiri," anatero adona. "Ndi mchere womwe."

Ndinavula chipewa n'kupepesa kwa agogowo. Iwo misozi ya chiseko ili mbwe, anandipatsa mbale ya ufa kuti ndiwagwirire pamene ankajambula kachitatu. Mkulu wa mpingo wathunthu, kugwirira mbale! Atamaliza ananditsanulira maswiti a mkaka m'chipewa. Ndinadya. Anali otsekemera mopitirira, koma sindinadandaule.

Dzuwa likulowa anandandalika tinyalito kuyambira pakhonde mpaka kumsewu. Zoona ndinene, zinakongola. Abwana anabwera okha kwa ine akumwetulira.

"Madala, lero geti likhale lotsegula. Tikudikira mlendo uja."

"Abwera pa galimoto, bwana? Ndilembe nambala yanji m'buku?"

Anangoseka n'kubwerera m'nyumba.

Ndinatsegula, poti lamulo ndi lamulo. Koma ndinaima pakati penipeni pa geti mpaka wondilandira ntchito atafika m'bandakucha, ndipo sindinaphethire. Mawa lake adona anati mlendo analowa, nyumba yadalitsika. Sindinawatsutse. Ine ndinangopita kukayendera waya wa kuseri, kuona pamene mlendoyo anaboola.