Chitini Chimene Ndinakwirira M'malire a Munda

"Fukulani! Ndati fukulani zimene mwakwirirazo, anthu aone ufiti wanu dzuwa likuswa mtengo!"

Amene ankakuwa chonchi anali aNachisale, mayi wamasiye amene munda wake unagundana ndi wanga kumunsi kwa phiri la Dedza. Ine ndinali chiimire, khasu lili m'manja, ndipo anthu ochokera ku Misa anali atayamba kupatuka m'njira kudzaona chimene chagwa. Ndinawayankha mawu amene sindingawalembe pano (ndine mphunzitsi, koma ndikapsa mtima pakamwa panga pamaiwala zimenezo). Kufukula kokha ndiko ndinakana.

Ndiyambe poyambira. Zaka zimenezo pa boma pankasintha ife tikuona. Amwenye anali atalongedza kupita kumizinda ikuluikulu, masitolo awo ena anagwetsedwa, ena anangopakidwa penti n'kusanduka malo omwera mowa. Mtengo umene tinkadikirirapo basi unadulidwa pokuza msewu. Tsiku lina m'kalasi ndinatchula sitolo imene ndinagulamo nsapato zanga zoyamba, ana onse n'kungondiyang'ana ngati ndikunena za ku Halale. Zinandiwawa. Ndinaganiza zosonkhanitsa zithunzi zakale za pa boma, ndimve ndi nkhani zake kwa eni ake, kenaka ndidzazimate pa bolodi tsiku la makolo.

Nditawauza ahedi, anayamba ayang'ana kukhomo, kenaka pazenera.

"Aphunzitsi, chitani," anatero. "Koma ine simunandiuze."

Munthu wanzeru akanamva pomwepo. Ine ndinangoti nkhalambayi ndi yaulesi.

Poyamba zinkayenda. Ndinkanyamula chitini cha mabisiketi, khomo ndi khomo, ndipo amayi achikulire ankatulutsa zithunzi pansi pa masutikesi: zaukwati, zaubatizo, za timu ya mpira itaima kutsogolo kwa sitolo. Chimene chinandiwononga ndi mafunso. Ndikagwira chithunzi ndinkaloza ndi chala: "Uyu ndani? Nanga ali kuti masiku ano?" Kwa ine linali funso la mbiri. Koma masiku amenewo, funso lotere linkafunsidwa ndi anthu a ntchito imodzi yokha. Panali anthu amene maina awo sankatchulidwa. Ena anawoloka malire, amene kwathu kuno ali tsidya la msewu chabe, ena anakwezedwa galimoto osabwereranso. Kupezeka ndi nkhope ya munthu wotere m'nyumba mwako unali mlandu woti sudziwa kumene ukathere.

Posapita nthawi ndinayamba kulandira zithunzi zobooka. Anthu atatu aima pamzere, wapakatiyo alibe mutu.

"Kodi apa pachitika chiyani?"

"Makoswe, aphunzitsi."

Makoswe a ku Dedza ndi ophunzira ndithu. Amadya mutu wokha, mozungulira bwino ngati ndi lumo, taye n'kumusiya.

Kenaka anthu anayamba kundizemba. Ndikalowa m'chipinda cha tiyi pamsika, nkhani imatha, wina n'kuyamba kuyamikira mvula mwezi wa Juni. Ine sindinaganizeko zoti akundiopa. Ndinati ndi nsanje (munthu ukafika kusekondale, chilichonse chokuchitikira umati ndi nsanje), ndipo ndinkabwerera kunyumba ndikutukwana mtundu wosakonda mbiri yake.

Ndiye kunabwera a Lufeyo. Awa ndi amene ankaima pachipata cha msika ndi chikhoti chawo chakuda, kufunsa makadi a chipani. Wopanda kadi sankagula ngakhale mchere. Ndinayamba kuwaona paliponse. Ndikagula nyama, ali kuseri kwa mpanda. Ndikaweruka kusukulu, atsamira mtengo wa bulugamu akusenda nzimbe. Tsiku lina anandipeza pamjigo.

"Aphunzitsi, ndamva kuti muli ndi kachitini kokongola."

"Mabisiketi ake anatha kalekale," ndinatero.

"Ine za mabisiketi ayi. Kamakhala kunyumba, kapena mumapita nako kwina?"

Nditafika kunyumba ndinakhuthulira chitini pamphasa n'kuyamba kuona bwinobwino, ndipo ndinapeza kuti makoswe sanafike paliponse. Zithunzi zimene ndinalandira koyambirira zija zinali ndi mitu yonse. Munali mphunzitsi wina amene anathawa, atagwira mpira. Munali kalaliki amene anatengedwa ali pa ofesi, akuseka paukwati wa mlongo wake. Ndinali nditasonkhanitsa m'chitini chimodzi anthu onse amene boma linkawafuna, ndipo ndinkayenda nawo pamsika ngati mandasi.

"Ndiwotcha," ndinauza mkazi wanga.

"Mukawotcha mudzawauza chiyani eni ake, bambo a Tereza? Ena chithunzi cha malemu awo n'chomwecho basi."

"Ndiye ndibisa kudenga."

"Kudenga ndi kumene amayambira."

Tinagwirizana zokwirira. Ndinasankha Lamulungu m'mawa, mudzi wonse uli ku Misa, ndipo ndinasankha m'malire a munda poganiza kuti m'malire salimamo munthu. Apa ndi pamene sukulu inandipusitsa. Mlimi aliyense kwathu kuno akudziwa kuti chokwiriridwa m'malire ndi mankhwala okokera mbewu za mnzako kuti zibwere kwako. Kuwonjezera apo, chaka chimenecho mbatata yanga ya kachewere inali yobiriwira bii pamene ya aNachisale inali yachikasu (chinsinsi chinali manyowa a nkhumba, koma ndani angamve zimenezo). Ndipo mayiwo sanapite ku Misa chifukwa cha mwendo. Anakhala kuseri kwa nkhokwe yawo n'kuonerera zonse: mwamuna wojomba kutchalitchi, akuyang'anayang'ana uku ndi uku, akukwirira chinthu chokulunga m'chiguduli, kenaka n'kufafaniza mapazi ake ndi nthambi. Kunena zoona, ndikanakhala ine ndikanakuwanso.

Ndiye tabwerera pamene ndinayambira. Anthu anatizungulira, akatekisiti athu ali patsogolo ndi buku la nyimbo m'khwapa. Kumbuyo kwa gululo ndinaona chikhoti chakuda. Ndikakana kufukula, ndine mfiti pamaso pa mudzi wonse. Ndikafukula, a Lufeyo aona, ndipo ine ndi theka la anthu amene aima pamenepo tikwera galimoto ija.

"Mwana wanga, ngati si mankhwala, kufukula kukuvutani pati?" anafunsa akatekisiti.

Mkazi wanga anandiyandikira ngati akundisansa fumbi paphewa.

"Vomerani ufitiwo," ananong'ona. "Mfiti imagona kwawo."

Anali malangizo abwino koposa onse amene ndinalandirapo pa moyo wanga, ndipo ndinatsala pang'ono kuwatsata. Koma aNachisale anatsegulanso pakamwa.

"N'chifukwa chake ana athu akulephera mayeso chaka ndi chaka! Nzeru zawo anazikwirira muno, akudyera yekha!"

Mbatata ndikanapirira. Koma ntchito yanga? Magazi anakwera kumutu. Ndinakweza khasu n'kutema pansi ndi mphamvu zonse, ndikukuwa kuti lero muona ufiti wa munthu wophunzira. Khasu linagunda chitini, chivindikiro chinauluka, ndipo mphepo ya m'phiri inachita zotsalazo. Zithunzi zinamwazika m'minda yonse iwiri, wanga ndi wa aNachisale, nkhope zili m'mwamba.

Sindinaonepo anthu ambiri chonchija akuchita chidwi ndi mitambo nthawi imodzi. Aliyense anali ataona kale m'bale wake pansipo, ndipo aliyense ankadikira kuti a Lufeyo ayambe kuloza.

A Lufeyo anadutsa pakati pa anthu, n'kuwerama, n'kutola chithunzi chimodzi, cha timu ya mpira chija. Kunkazizira, koma thukuta linali kamukamu pamphumi pawo. Anandikokera pambali n'kundionetsa ndi chikhadabo kamnyamata kowonda kamene kanakoleka mkono pakhosi pa mphunzitsi wothawa uja. Anali a Lufeyo omwewo ali mwana, makutu okha ndi amene sanasinthe.

"Amayi anga anakupatsani osandifunsa," anatero chapansipansi. "Mwaonetsa ndani?"

"Palibe."

"Musandinamize, aphunzitsi. Si inu amene mumakanena kwa akuluakulu?"

"Ine? Si inu?"

"Ine ndimangoona makadi. Chiyambireni kuyenda ndi chitini chanucho, tulo sindikutiona."

Tinayang'anizana ngati agalu awiri amene akumana pakona, aliyense mchira uli pakati pa miyendo. Kenaka anaika chithunzicho m'thumba la mkati, nakonza kolala, natembenukira kugulu ndi mawu awo a pachipata aja.

"Anthu inu, mwaona chiyani pano?"

Ndinayang'ana aNachisale. Phazi lawo lodwalalo linali litaponda chithunzi cha ukwati wawo, mmene malemu amuna awo anaima ndi mng'ono wawo amene dzina lake silinkatchulidwanso.

"Ine ndaona mizu," anatero. "Mizu ndi nthenga za nkhuku yakuda."

"Ndi mchira wa fisi," anawonjezera bambo wina amene ndinkamuyesa mnzanga.

"Ndi kansupa," anatero mayi wina kumbuyo, amene sanaone n'komwe chilichonse.

Onse anatembenukira kwa akatekisiti. Iwo anatsokomola, nayang'ana buku lawo, nanena kuti maso awo masiku ano sakuona patali, koma zinthu zotere si bwino kuzisiya poyera, ana angazigwire. Pomwepo mpingo wonse unagwada m'mizere kuthandiza kutola mankhwala. Aliyense ankadziwa bwino mankhwala amene akufuna. Zinkalowa m'mabuku a nyimbo, m'mipango, m'masokosi, ndipo posakhalitsa m'munda munangotsala chitini chophwanyika ndi ine.

"Aphunzitsi, mukuvomera?" anafunsa a Lufeyo.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze onse chimene iwo ali. Mkazi wanga ananditsina pamsana mpaka ndinaona nyenyezi.

"Ndikuvomera," ndinatero. "Ndalapa."

Anthu anapuma mpweya wautali ngati Misa yatha kachiwiri. Ena mpaka anandigwira chanza, kenaka n'kupukuta dzanja pathalauza kuti anzawo aone.

M'mawa mwake ndinagwira tambala wanga wamkulu, ndinam'manga miyendo, n'kudzera njira yodutsa pamjigo kuti pasapezeke wonena kuti mfiti sinapepese. Amayi ankakokera ana awo kumbuyo ndikamadutsa. Pakhomo pa aNachisale ndinavula chipewa n'kunjuta. Anatuluka akutsimphina, analandira tambalayo, namuyeza kulemera m'manja.

"Musadzayambirenso, mwamva?" anakuwa kuti amve a nyumba zonse zoyandikana. Kenaka anatsitsa mawu. "Mukanabweretsa thadzi, bwenzi ndikudya mazira."

Ine, ndi sukulu yanga yonse, ndinawomba m'manja n'kunena kuti zikomo, mayi, ndamva.