Tsiku Limene Ayezi Anafuna Kumiza Boti Langa pa Chilwa

Amene akuganiza kuti ndinena bodza anyamuke pompano, akwere njinga yake azipita, chifukwa ine Fulaisoni Mukhwapa sindinamere imvi zonsezi kuti ndizinamiza anthu pakhonde la golosale pano pa Chiringa. Ndipo iwe Mateyu, ika pansi mpeni umene ukugobera ayezi mu fuliza yakoyo, ukhale apa umve. Ayezi ameneyo ine ndinalimbana naye pakati pa nyanja ya Chilwa, dzuwa lili paliwombo, mwezi wa Okutobala, ndipo ndikanapanda kumugonjetsa bwenzi lero nsomba za m'nyanjamo mukuchita kukumba ndi khasu ngati chinangwa.

Nthawi imeneyo ndinali ndi boti langa lamatabwa loyendera thanga, ndipo pakati pake ndinamangirira fuliza ya sola, yotsekula pamwamba ngati bokosi, batire lili pansi pa mpando. Mwana wanga Joisi amakwatiwa Loweruka kwathu kwa Mkhumba, ndiye mayi ake anandiuza maso ali gwa kuti akuchimuna ndi anthu a m'tauni, mlamba wowamba sadya, akufuna makumba aawisi, ndipo ndikabwera chimanjamanja ndikagone ku doko komweko. Lachinayi ndinawolokera tsidya la ku Mozambiki pamodzi ndi alamu anga Che Saidi, amene anakwatira mlongo wanga, munthu wofatsa wa ndevu zofika pachifuwa, koma kusambira sadziwa ngakhale m'bafa. Tinagula nsomba, tinazithira mu fuliza zili chonyowa madzi ali chuchuchu, Lachisanu m'mawa tinakweza thanga kulunjika ku doko la Swang'oma, njinga ya alamu itagona kutsogolo.

Titafika pakati penipeni, pamene phiri la Michesi limaoneka ngati chulu, mphepo inangoti zii. Inu mukudziwa mmene Chilwa amakhalira mu Okutobala, mpweya wake wonyowa, wolemera, ukamapuma umakhala ngati ukumwa. Ndiye ndinamva kaphokoso kumbuyo kwanga, kwee, kwee, ndipo nditacheuka ndinaona chivundikiro cha fuliza chikudzuka chokha, ayezi akusefukira pansi pake ngati phala la pamoto, natsikira m'matabwa, nakwawa mpaka pa mlongoti, nakwera, nagwira thanga lonse mpaka linauma gwa ngati lata, moti nditaligogoda ndi chala linalira ngati belu la ku tchalitchi. Mukumva? Che Saidi anawerama kuti aone bwino, ndevu zawo zinakhudza m'mbali mwa fuliza n'kumamatira pomwepo, munthu wamkulu anatsala chowerama ngati akufunafuna singano.

Kuzizira kuja sikunathere m'boti. Akakowa ankati atere pa mlongoti n'kuterereka kugwera m'madzi, udzudzu umene umatitsatira kuchokera tsidya lija unayamba kutsokomola, ndipo mlamba wina unadumpha m'madzi n'kuumira m'malere momwemo osagwanso, ndinachita kuuthyola ndi dzanja ngati papaya. Asodzi a m'zimbowera, timisasa tawo toyandama m'bango muja, anatuluka atafunda masaka akufunsana ngati Juni wabwerera. Pano pa Chiringa anthu anafukula majekete m'masutikesi, ndipo kwa Nazombe amene anakama ng'ombe masana amenewo anakama mafilizesi. Kafunseni, alipo ena amoyo.

Inu mukuseka, koma ine sindinaseke. Ayezi ndi wolemera, abale anga. Boti linayamba kutitimira pang'onopang'ono mpaka madzi anatsala chala chimodzi kuti alowe, ndipo kamakina ka fuliza kankangolira osapuma, katentha ngati simbi, kakumwa batire ngati mbuzi yaludzu. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti nditapisa dzanja pampata n'kukhudza nsomba za pakati, ndinapeza zayamba kufewa, chifukwa ayezi akakandapala m'makoma amakhala ngati bulangete, kuzizira kumatsekeredwa komweko osafika pa katundu. Ndiye taonani, kunja tikuuma, m'kati nsomba zikufunda, pansi nyanja ikutiyembekeza. Ndinaganiza za Joisi atavala zoyera alendo akuyang'ana mbale zopanda kanthu, ndinaganizanso za mlongo wanga, kuti ndikamuuza chiyani ndikafika ndekha popanda mwamuna wake.

Che Saidi, akadali chowerama, anapapasa pansi n'kugwira chikwanje.

“Alamu, ndithandizeni, timuteme ameneyu asanatimize.”

“Ikani pansi chikwanjecho, alamu,” ndinatero. “Kuseri kwa khomalo kuli timapaipi ta gasi topyapyala ngati udzu. Mukaboola kamodzi, fuliza yafa, nsomba zaola, ukwati watha.”

“Nanga ndevu zangazi?”

“Ndevu tiyamba nazo.”

Wamva iwe Mateyu? Mpeni ndi fuliza sizionana. Ine ndinazula waya ku batire kuti makina apume, ndinakoleza mbaula imene timaphikira tiyi, machesi anayaka lawi lake likunjenjemera, ndipo madzi oyamba kufunda ndinathira pa ndevu za alamu mpaka anaweramuka msana ukulira ngati chitseko chakale. Kenako tinatulutsa nsomba zonse, tinazikulunga m'masaka n'kuzisanjika pa ayezi wa panja uja kuti mdani yemweyo atisungire. Ndinawiritsa madzi odzaza beseni, ndinaliika m'kati mwa fuliza, ndinatseka n'kukhalapo pamwamba. Che Saidi ankapemphera chamumtima milomo yokha ikugwedera, ine ndikuwerenga mafunde, madzi akunyambita m'mphepete mwa boti.

Patapita kanthawi tinamva phofo m'katimo. Nditatsekula, nthunzi inakwera kumwamba n'kupanga mtambo umene unakagwetsa mvula ku Mauzi, ndipo ayezi anali atalekana ndi khoma yekha. Ndinatenga mthiko, chifukwa mtengo suboola, ndinangomukankha pang'ono, chigamphu choyamba chinagwa chachikulu ngati chitseko cha golosale ino, chachiwiri ngati ngolo, chachitatu tinachita kuchikankha awiri ndi mapewa, chitagwera m'madzi chinayandama n'kumapita mbalame zitakwerapo, ndipo ndikumva kuti asodzi ena anamangapo msasa n'kukhalapo mpaka Khirisimasi. Chigamphu chilichonse chikatuluka boti linkadzuka, chala chimodzi, zala ziwiri, chikhatho, mkono. Madzi osungunuka aja anadzaza nyanja mpaka mabwato amene anakhala m'matope zaka zitatu anayandama eni ake ali kumunda, ndipo sabata yonse madzi a Chilwa anasiya kuwawa mchere, amayi ankaphikira tiyi. Mukumva?

Komatu ndinadziwa kuti kuchotsa ayezi n'kosavuta, nkhani ndi yakuti walowera pati. Ayezi sabadwa mu fuliza, amachokera panja. Ndi mpweya wonyowa umene umalowa, ukagunda khoma lozizira n'kuuma, ndiye pa Chilwa mpweya wonyowa sutha, fuliza yanga ikanamwa nyanja yonse kudzera m'mwamba. Ndinapukuta m'kati monse ndi malaya anga mpaka mouma, kenako ndinatulutsa m'thumba khadi la ukwati wa Joisi, ndinalipana ndi chivundikiro n'kukoka. Kutsogolo linakana. Kumanja linakana. Kumanzere linakana. Nditafika pakona ya kumbuyo, khadi linangosolokoka lokha ngati palibe chaligwira, ndipo nditasuzumira ndinaona kuti labala wa m'mphepete mwa chivundikiro waduka, kachidutswa kotalika ngati chala kalibepo. Kabowo kameneko, koti mbewa ingachite kupuma kaye isanalowe, ndi kamene kanafuna kupha amuna awiri.

“Alamu, njinga yanu ija ipereke chubu,” ndinatero.

Che Saidi sanatsutse ngakhale pang'ono, anamasula okha tayala. Ndinadula chubu, ndinachipinda kawiri, ndinamata pampata paja ndi guluu wa zigamba, ndinapaka vaselini kuzungulira labala yense kuti afewe agwire bwino, ndipo nditapananso khadi lija ndinakoka mpaka boti linatembenuka kuyang'ana ku Mozambiki, khadi osasuntha. Nsomba tinazipukuta imodziimodzi ndi nsalu, tinazimanga m'majumbo, chifukwa madzi a pa nsomba nawonso amakwera n'kukasanduka ayezi, tinazisanja mosiya timipata, ndinatseka, ndinalumikiza waya. Ndinawauza alamu kuti amene atsekule chivundikirochi tisanafike ku doko, kaya akufuna kungoona, kaya akufuna kuziziritsa nkhope, atsike ayende wapansi.

Makina analira. Tinatchera khutu, maso ali pakona paja. Analira, analira, kenako anangoti thi, n'kukhala chete okha. Che Saidi anandiyang'ana nkhope itagwa, kuyesa kuti afa, koma ine ndinadziwa kuti akhuta, kuzizira kwakwana, akupuma monga amayenera kuchitira. Abale anga, ndamvapo makwaya, ndamvapo ng'oma za tchopa, koma sindinamvepo chokoma ngati kukhala chete kwa makina amene aja. Ndinagona chagada m'matabwa onyowa, ndinatulutsa mpweya umene ndinausunga kuyambira m'mawa, ndipo mpweya umenewo ndi umene unadzaza thanga, lomwe linali litafewa tsopano, n'kutikankha mpaka ku Swang'oma dzuwa lisanapendeke kwenikweni. Titatsika, alamu anakhala pansi m'matope ndi mkanjo wawo woyera, akuseka misozi ikutsikira m'ndevu, ine ndinakhala pambali pawo.

Loweruka nsomba zinafika kwa Mkhumba zili gwa ngati nkhuni, m'makoma mwa fuliza muli mbee, mopanda ayezi ngakhale wokwana pa chikhadabo. Akuchimuna anadya mpaka anamasula malamba. Joisi anabwera kudzagwada pafupi nane n'kundinong'oneza kuti, “Ababa, ndimadziwa kuti mufika nazo,” ndipo mayi ake anandipatsa mutu wa nsomba yaikulu kuposa zonse. Kuyambira pamenepo fuliza yanga ndinkaizimitsa ayezi akangofika msinkhu wa chala chaching'ono, beseni la madzi otentha, mthiko, nsalu youma, pepala pa labala mwezi uliwonse, ndipo sanandivutenso mpaka boti ndinaligulitsa.

Pa ukwati pomwepo Che Saidi anandifunsa pagulu kuti kodi labala uja anadula ndani. Ndinayankha kuti ndi khoswe wa ku Mozambiki, wamkulu ngati mwana wa mbuzi, mano ngati sizasi, ndinamuona ndi maso angawa akudumphira m'madzi. Alamu anakhulupirira, ndipo mpaka lero akamva kuti munthu akuwoloka nyanja amamupatsa msampha. Zonse ndakuuzanizi ndi zoona, mlamba wa m'malere ndi woona, mafilizesi a kwa Nazombe ndi oona, koma pa khoswe pokhapo ndiongole pang'ono. Lachitatu lake tisananyamuke, patapata wanga anaduka pa doko, mchenga ukuotcha, ndipo labala wofewa amene anali pafupi anali wa pakona paja, ndiye ndinadula n'kumangira patapatayo. Ndinati kachidutswa kakang'ono ka kumbuyo, ndani angakaone. Khoswe wake ndi ine ndemwe ndakhala pa benchi panoyu, ndipo alamu anga akamadutsa apa musawauze, msana wawo uja sunawongokebe bwinobwino.