Fodya wa a Mbewe

Ine, mphunzitsi wamkulu wopuma pa ntchito, mbadwa ya kuno kufupi ndi Kasina, amene ndinaphunzira Chilatini m'manja mwa ansembe akale, ndikulemba izi osati kuti wina adzawerenge, koma kuti cholemberachi chikhale mboni pakati pa ine ndi mphuno yanga m'chaka chayambachi.

Lolemba, 1 Januwale

Zimene ndatsimikiza:
1. Fodya wa mphuno ndaleka.
2. Sindidandaula.
3. Sindiuza munthu, ngakhale mayi a kunyumba kuno, a Nasibeko. Pakuti lonjezo lolengeza pabwalo limathera m'makutu mwa anthu, osafika mumtima.

Kabotolo ndakaponya m'chimbudzi. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zikungokhudzana zokha ngati anamfedwa. Zizolowera.

Lachiwiri, 2 Januwale

Nkhungu mpaka pakhonde. Afika a Mbewe a ku Mphunzi, asewere anga: mwana wawo Lameki ndiye mkamwini wanga, mwamuna wa Rozina. Iwo ndi a gule, ine ndine wa korona. Za Mulungu sitimvana. Za ndale sitiyerekeza n'komwe. Chimene chatisunga pamphasa imodzi zaka zonsezi ndi fodya wawo, wolima okha, wosera okha.

Akugogoda kabotolo, akuyamba afwenkha okha monga mwa mwambo, kenaka akunditambasulira dzanja.

Ine: "Zikomo, lero ayi."

Dzanja lakhala m'malere nthawi yaitali ndithu. Atsazika madzi a tiyi asanawire. Chigonjetso choyamba!

Lachitatu, 3 Januwale

Mutu ukugunda ngati mtondo wa pachikwati. Ndikupirira. Anthu akale a ku Roma ankapirira zoposa izi, ndipo analibe ngakhale tiyi.

Chimanga chikufuna kupalira, koma Lameki kulibe; akuti wapita kwawo kukaona mbatata. Mbatata yanji yofuna kupita ndi bulangete? Rozina akuika kapu patebulo ndi mphamvu yoyenera khasu.

Lachinayi, 4 Januwale

Maliro kutsidya kwa dambo. Amuna takhala pansi pa bulugamu, mphepo ikulowa m'mafupa. Akatekisi akufotokoza za mtengo wa feteleza, ine ndikuwatsutsa mfundo ndi mfundo, iwo akutulutsa kabotolo, ndipo dzanja langa, losandifunsa, lapita, latapa, labwerako. Ndayetsemula mpaka amayi oimba nyimbo atembenuka. Pakati pa otembenukawo pali mlongo wawo wa a Mbewe.

Zidziwike: uku si kugwa, n'kupunthwa. Mawa ndiyambiranso mwamphamvu.

Lachisanu, 5 Januwale

Sindinakhudze ngakhale kafumbi. Zimene zikumveka kuchigayo, monga andifikitsira a Nasibeko:

"Aphunzitsi akuti fodya wa a Mbewe ngwothira mankhwala."
"Ayi, akuti wa akatekisi ngwodalitsa, wa akudambwe ngwa mdierekezi."
"Lameki sabwereranso pakhomo pamene atate ake ayesedwa mfiti."

Bodza lokhalokha! Pofuna kuzimitsa moto ndaswa mfundo yachitatu: ndaulula zonse kwa a Nasibeko, mwadongosolo, kuyambira kuchimbudzi. Andiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Inu, kuleka? Nanga dzulo lija mumayetsemula chiyani? Lubani?"

Yachiwiri nayo yasweka: ndadandaula, ndipo mokweza.

Loweruka, 6 Januwale

Rozina, mwana kumsana, maso ofiira: "Ababa, uyu akufuna atate ake. Ndimuuze kuti anathawa mphuno yanu?"

Ndatuma ankhoswe ku Mphunzi ndi mawu okonzedwa bwino: chiyambi, zifukwa, mathero. Ndawabwerezetsa kawiri asananyamuke. Abwerako dzuwa litapendeka, matope mpaka m'mawondo. Yankho la a Mbewe ndi ili:

"Mawu a aphunzitsi ndi ambiri, ndipo onse ngokoma. Ine mawu sindifwenkha. Abwere ndi dzanja."

Ndinalamulira sukulu ya ana mazanamazana popanda kupepesa munthu. Koma banja la mwana wanga likupasuka, ndipo wogwetsa mzati ndine. Nsapato ndapukuta.

Lamulungu, 7 Januwale

Misa yoyamba, kenaka jekete, tayi, ambulera. Kabaza wanditula pamene matope amukanira, kotsalako wapansi.

A Mbewe ali pakhonde, ndipo sali okha: mlongo wawo uja, achimwene awo, ndi anansi amene mwadzidzidzi apeza chochita pafupi. Lameki ali kuseri kwa nkhokwe, akunamizira kukonza mpini. Moni wathu ngwautali, wouma. Zimene ndinakonza kunena m'njira sindinapatsidwe mpata.

Agogoda kabotolo. Lero sakuyamba afwenkha okha. Angothira m'chikhatho, natambasula, maso ali pa ine.

Ndalandira ndi manja awiri. Ndatapa wambiri, kuposa muyezo wa munthu wanzeru, kuti wa kumpanda naye aone. Kalanga ine! Asera dala wa ukali wa tsabola. Misozi chuchuchu, tayi wanyowa, phiri la Mphunzi likuvina. A Mbewe adikira mpaka ndione bwino.

"Simunafe, asewere?"

"Sindinafe."

"Lameki! Nyamula ambulera ya apongozi ako, uwaperekeze. Bulangete lako usaiwale."

Chifukwa chake, nditalingalira mofatsa, ndikugamula motere. Fodya wogula, fodya wa pamaliro, fodya wa akatekisi: ndaleka, ndipo sindibwerera. Fodya wa a Mbewe ndidzalandira nthawi iliyonse, poyera, popanda mawu. Ndipo popeza chibale chimene changochira kumene sichisiyidwa pamphepo, ndidzapita ku Mphunzi Loweruka lililonse, kugwe mvula kaya matalala.

Ndasaina ndi dzanja langa lomweli,

Mphunzitsi Wamkulu, wopuma pa ntchito