Ndinasenda Mpeyala wa Apongozi

Anzanga, ine ndinabadwira ku Kwacha, m'Kitwe momwe muno, mwana wa munthu wa mumgodi, ndipo khasu ndinaligwira koyamba nditamera kale ndevu. Ndayamba ndi zimenezi kuti mukamaseka muziseka mwachifundo.

Ine ndi mkazi wanga, amake Chisomo, timakhala ku Garneton pa puloti ya apongozi anga aakazi. Pakhomopo panali mtengo wa mapeyala, kuno timati makotapela, umene malemu amuna awo anabzala atapuma ntchito. Mayiwo ankaukonda mtengowo ngati munthu, masana onse ankakhala pamthunzi wake, ndipo nthawi zina ndinkawamva akuulankhula. Vuto lake linali limodzi, masamba ambirimbiri koma zipatso zochita kusakasaka.

Ndiye apongozi anapita ku Katete kukadwazika mng'ono wawo, natisiyira pakhomo, ndipo matendawo anatalika. Tsiku lina mu minibasi ndikudandaula za mtengowo, mudala wina amene tinakhala naye mpando umodzi anati, "Bakalamba, kotapela yaulesi siivuta. Mucheke chabe kamzere pakhungwa la nthambi imodzi, kang'ono, muzaona mweka."

Kamzere, kang'ono, nthambi imodzi. Zonsezi ndinazimva bwinobwino, makutu anga alibe mlandu. Koma mutu wangawu unayamba kuwerengera kuti ngati kamzere panthambi kamabweretsa dengu, nanga thunthu lonse libweretsa chiyani? Ndinanola chikwanje, n'kusenda khungwa kuzungulira thunthu lonse, chibanga chachikulu ngati chikhatho changa, mpaka mkati moyera muja kuonekera. Amake Chisomo atandipeza anangofunsa kuti, "Amayi mwawauza?" Ine ndinayankha monyada kuti, "Tidzawauza ndi zipatso."

Ndipotu unabereka, anzanga. Nthambi zinawerama mpaka ndinachita kuzichirikiza ndi mphanda. Kodi mukanakhala inu simukanadzitama? Ndinasenza dengu kupita nalo ku msonkhano wa amuna kutchalitchi, n'kuimirira kutsogolo kuphunzitsa anthu amene anakulira kumunda, ine amene sindisiyanitsa mapira ndi udzu. A Zulu, amene tinayandikana nawo nyumba, anachita chidwi kwambiri, moti mpeyala wawo ndinakawasendera ndi manja anga, kwaulere, monga Mkhristu.

Titatha kukolola, masamba anayamba kuchita chikasu n'kumayoyoka. Ndinati ndi njala, ndinathira feteleza wambiri patsinde, amene anangowotcha repu wa mkazi wanga yemwe anali pafupi. Ndinati ndi ludzu, ndinathirira mpaka pakhomo ponse panasanduka dambo, nkhuku n'kumayenda monyang'ama. Mtengo osasintha. Titamva kuti apongozi ali m'njira, ndinamata chibangacho ndi dothi, n'kukulunga chiguduli, n'kumanga ndi mphira, poganiza kuti mwina sadzayang'ana pansi. Koma pamwamba pokhapo panali poti munthu angabise? Mtengo unali utangotsala nthambi zokhazokha.

Atafika sanalowe n'komwe m'nyumba. Anatula katundu, n'kupita kukamasula chiguduli chija, n'kuima nthawi yaitali dzanja lili pathunthu. Ndinaona akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ndipo pamenepo kudzitama konse kunandithera, chisoni chinandigwira, chifukwa chimenechi ndicho chinthu chamoyo chokha chimene amuna awo anawasiyira.

"Amene wachita izi si mwana, amadziwa kupha mtengo," anauza mwana wawo mofatsa. "Mtengo umaphika chakudya m'masamba, padzuwa, ndipo chakudyacho chimatsika m'khungwa kukadyetsa mizu. Madzi okha ndiwo amakwera m'kati. Ukadula khungwa kuzungulira, kumwamba kumakhuta, pansi pakufa ndi njala. Kwathu ndi mmene timaphera mitengo ikuluikulu yotchinga mbewu m'munda."

Apo ndiye ndinazindikira kuti madengu aja ndinkagawira anthu chinali chakudya cha mizu, ndipo tinkadyerera maliro a mtengo usanagwe. Amake Chisomo anandiyang'ana, ine ndinayang'ana nkhuku.

"Ndi a Zulu," apongozi anagamula okha. "Akhala akudandaula kuti masamba amagwera kwawo." Anamanga chitenje n'kuuyamba ulendo wa kwa a Zulu. Tsono mkamwini angawagwire mkono apongozi ake? Ndinangotsatira pambuyo patalipatali, ndikutsokomola, kuyembekeza kuti atembenuka, koma ayi ndithu.

A Zulu anamvetsera mlandu wonse mwaulemu, manja kumbuyo, anthu odutsa ayamba kale kuima pampanda. Apongozi atatha, a Zulu anati, "Amama, tiyeni muone chabe." Anawatengera kuseri kwa nyumba kumene mpeyala wawo unaima wouma gwa, chibanga chake chofanana ndendende ndi chathu. "Naine ndine wofedwa, amama. Dokota wake ni uyo ali kumbuyo kwanu."

Ndinagwada pomwepo, pafumbi, pamaso pa anthu onsewo, n'kufotokoza zonse kuyambira mu minibasi. Ndinkayembekeza kukalipiridwa, mwinanso kuuzidwa kuti tisamuke, ndipo ndikanavomera. Koma apongozi anayang'ana kumbali, monga mwa ulemu wake, n'kulankhula ndi mwana wawo ngati ine palibe.

"Uwauze atate ake a Chisomo kuti mtengowo adule okha, abzale wina pomwepo, ndipo akausamale mpaka ine ndidzakhale pamthunzi wake." Anapuma pang'ono, kenako anawonjezera kuti, "Uwauzenso kuti kumunda ku Katete kuli mitengo ya misuku imene inatikanika tonse. Luso lotere lisamangothera m'tauni."

A Zulu anaseka mpaka kugwira mpanda, ndipo ine chaka chomwecho ndinakweradi basi ya ku Katete ndi chikwanje changa. Kamtengo katsopano kali pakhomo pano, kafika m'chiuno, ndimakathirira m'mawa uliwonse apongozi akundiyang'anira pakhonde. Koma chikwanje ndi khungwa ndinalumbira, sindidzazikumanitsanso pakhomo pa munthu. Ngakhale nzimbe masiku ano amachita kundisendera amake Chisomo.