Mabotolo Atatu a Tamanda

Lolemba, 13 Okutobala

Mwana wanga Tamanda wafika kuchokera kusukulu wefuwefu. Akuti kunabwera anyamata ndi atsikana a kukoleji kudzawaphunzitsa za dothi. Dothi! Ine ndimayesa kusukulu amapitira Chingerezi.

Loweruka kuli chionetsero m'tauni. Mwana aliyense abweretse dothi la malo atatu osiyana, m'mabotolo, lothira madzi. Ukakhutchumula n'kulisiya osaligwedeza, akuti mchenga umatsika pansi, dongo n'kukhala pamwamba, ndiye umadziwa ngati mpiru ungamerepo.

Sukulu ine ndinalekezera Sitandade 5. Masamu a Tamanda ndikawaona ndimanamizira mutu. Koma dothi, ine mwana wa ku Nsanje? Apa aona kuti bambo ali naye.

Zofunika:
mabotolo atatu oyera
supuni
kuti make Tamanda asadziwe za supuniyo

Lachiwiri

Awiri atheka! Lofiira la kuseri kwa shopu yomwe ndimanyamulako katundu ku Limbe. Mchenga wa mumtsinje wa Naperi, wonunkha pang'ono, koma mchenga ndi mchenga.

Anzanga kuntchito: "Aise, wayamba kudya dothi? Woyembekezera ndi iwe kapena alamu?"

Asekeni. Ana awo abweretsa chiyani Loweruka?

Dothi lachitatu lija Tamanda akufuna likhale la pakhomo pano pa Soche. Bwalo lathu n'louma gwa, supuni yapindika kale.

Lachitatu

Ndapeza pofewa: pakhomo penipeni pa alandilodi, mayi Nagama, pomwe amathirira maluwa awo. Ndalawirira ntchito, iwo asanadzuke, ndiye ndangonjuta n'kutapa masupuni angapo. Kudzutsa munthu wamkulu chifukwa cha dothi si ulemu.

Bambo Juwawo a nyumba yoyandikana nafe andiona akuchokera kubafa. Ndawapatsa moni. Sanayankhe, mswachi uli m'kamwa.

Madzulo mabotolo onse ali pawindo. Kuti asasokonekere ndamatapo mapepala: LIMBE. NAPERI. MAYI NAGAMA. Ndalemba ndekha, zilembo zooneka bwino. Tamanda wandiwombera m'manja.

Lamulo: wogwedeza windo limeneli aona zakuda.

Lachinayi

Mchenga wakhala pansi, monga ananenera ana a kukoleji aja! Ndayang'ana mpaka kutsala pang'ono kuchedwa kuntchito.

Koma pabwalo pali chinachake. Palibe wondiyankha moni. Ana a eni ake akuitanidwira m'nyumba ndikamadutsa.

Make Tamanda wabwera kumpopi ndowa ili theka. "Bambo a Tamanda, mutuwo mumangovalira chipewa? Kutapa dothi pomwe munthu amaponda? M'bandakucha? N'kulemba dzina lake pabotolo, n'kuika pawindo?"

Mayo ine. Kwathunso munthu wotapa mapazi a mnzake timadziwa chomwe akufuna. Zinandichoka bwanji m'mutu?

Chinanso: bondo la mayi Nagama latupa. Limatupa chaka chilichonse, koma lasankha sabata ino.

Lachisanu

Mlandu pakhonde. Alipo mayi Nagama, mwendo pampando. Bambo Juwawo, mboni. Ndi mkulu wampingo wa mayi Nagama.

Mayi Nagama: "Mwana iwe, ndinakulakwira chiyani? Lendi sindinakweze. Mwezi ukatha undipatse makiyi."

Nyumba ya mpopi pafupi chonchi ndikaipezanso kuti?

Ndafotokoza za mchenga ndi dongo. Bambo Juwawo: "Nanga supuni yapindikiranji?"

Mkulu wampingo wagwira botolo la dzina lija ndi mpango, n'kuyamba kupemphera akulikhutchumula mwamphamvu. Ine: "Abambo, pempherani, koma osagwedeza!" Zaipiraipira.

Tamanda walira kuti ntchito yake yawonongeka. Kulira kwenikweni, kwa mamina. Mayi Nagama: "Chabwino. Ngati n'za sukulu, mawa ndikaone ndi maso angawa."

Atsala awiri odikha bwino. Sindikupuma pafupi nawo.

Loweruka

Tonse m'minibasi: ine, Tamanda, mayi Nagama ndi bondo lawo kutsogolo. Mabotolo ndawafukata ngati khanda.

Ndapempha adalaivala kuti aziyenda pang'onopang'ono. Kondakitala: "Madala, mwanyamula mazira a njoka? Tiye nayo!"

Dzenje loyamba. Lachiwiri. Hampu. Pofika m'tauni onse atatu asanduka phala, Limbe ndi Naperi osasiyananso.

Tamanda sakundiyang'ana.

Kulowa muholo: matebulo mbwee mabotolo amatope! Aliyense wabwera paminibasi. Odikha bwino ndi a mwana mmodzi yekha wa ku Nyambadwe, wabwera pagalimoto ya bambo ake.

Mtsikana wa kukoleji sakudandaula n'komwe. Wathira matope athu m'mbale, wauza ana aumbe. La Naperi likungoyoyoka. La mayi Nagama laumbika kasoseji kosalala. "Dothi ili likusunga madzi bwino, ndani amalisamalira?"

Mayi Nagama akweza dzanja kuchokera kumbuyo, ngati mwana wa Sitandade 1.

Mphoto sitinapate. Tamanda wapatsidwa kapepala ka mbewu ya mpiru, monga wina aliyense. Pobwerera wagona paphewa panga, manja ali matope okhaokha. Malaya anga a kutchalitchi atha ntchito. Zilibe kanthu.

Lamulungu

Makiyi ndikadali nawo. Malamulo atsopano a alandilodi:
botolo lililonse pawindo ayi
dzina lawo lisalembedwe paliponse
mpiru tibzale m'thumba kuseri kwa bafa, ukakula adyeko

Dothi la m'thumbamo atipatsa okha, atapa ndi manja awo, ine nditaima patali manja kumbuyo.

Tamanda wabzala. Wandiuza kuti ndikuthira madzi ambiri. Ndamumvera.

Bambo Juwawo sanakhutire. Akuti ana a sukulu ndi nkhani ina, koma ine maso anga ndi ofiira. Ena pabwalo pano akugwirizana nawo. Tsopano aliyense akachoka pakhomo pake amabwerera ndi tsache kufufuta mapazi ake, kuopa ine. Kupita kumpopi, kusesa. Kupita kubafa, kusesa.

Ndazivomereza. Chibwerereni pa Soche, bwalo lino sindinalionepo loyera chonchi.