Thanki Youma pa Maliro a Bambo Lungu

Inu mumandiseka kuti ndikafika pakhomo pa munthu ndimayamba ndasuzumira m'ndowa ndisanapereke moni. Chabwino, lero ndikuuzeni kumene zinachokera, museke mokwanira. Ine zolira ndinalira kale.

Nthawi ya Chitaganya ndinali dalaivala wa ozimitsa moto m'katauni kena kakang'ono pakati pa Ndola ndi Kitwe, dzina lake ndisunga, alipo ena amoyo amene angandiloze chala. Tinali amuna ochepa ndi magalimoto awiri, yatsopano ndi ina yakale imene tinkaitcha Nkhalamba chifukwa inkayamba yatsokomola isanayende. Dalaivala ndiye ankayang'aniranso pampu ndi thanki ya madzi. Pamenepo mupasunge bwino.

Amene anandiphunzitsa ntchito anali Bambo Lungu, a kwathu ku Katete, aakulu kwa ine. M'mawa uliwonse ankakwera pamwamba pa galimoto, kutsegula chivundikiro, kupisa mkono m'thanki mpaka unyowe, kenako n'kundiyang'ana. "Fabiano, iwe ukhoza kugona ndi njala, koma thanki isagone ndi ludzu." Tsiku ndi tsiku mawu omwewo, mpaka ndinkawayankhira mumtima asanamalize. Masiku amenewo tinalibe zotchingira utsi, unkangonyowetsa kampango, kumanga kukamwa, n'kulowa m'nyumba yoyaka. Utsi wa zaka zonsezo unawadya chifuwa pang'onopang'ono, mpaka anawagoneka m'chipatala.

Nditakawaona Lamlungu masana titaweruka ku Misa, anandigwira dzanja, dzanja lopepuka ngati la mwana. "Mphwanga," anatero, "kukomboni amati ndine wothirira maluwa a azungu, chifukwa galimoto yathu amangoiona ikuthamangira kumayadi. Ndikapita, undibweretse kunyumba pa Nkhalamba. Iime pakhomo panga kamodzi kokha, ana anga aone kuti atate awo anali ndani." Ndinalonjeza. Lachitatu anamwalira.

Bwana wathu mzungu anavomera movutikira. Anati Nkhalamba ipite, koma thanki ikhale yodzaza, ndipo pofika thu koloko ikhale yabwerera. Ine ndinati yesi bwana, mtima uli mbee.

Cholinga changa chinali chabwino, abale, Mulungu ndi mboni. Ndinati galimoto imeneyi iwale, akomboni atseke pakamwa. Koma unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lake lija loswa mtengo, ndipo mpopi wa pabwalo pa siteshoni unkangodontha ngati mphuno ya chimfine. Ndinayang'ana mpopi, ndinayang'ana thanki, ndinati kodi madzi si omwewa? Nditungako pang'ono, ndikadzazanso pa mpopi waukulu wa mumsewu popita. Ndinalumikiza paipi, ndinatsuka Nkhalamba. Itauma ndinaona mizere ya fumbi, ndinatsukanso. Ndinatsuka matayala, makwerero, kunsi komwe sikuonedwa ndi munthu, majombo a anzanga onse, mpaka pansi pamene inaima. Ndinkatsuka ndikulira, ndiye madzi amene ankapita sindinkawaona.

Kuti bokosi likwane kumbuyo, ndinatsitsa zitsulo zina n'kuzitsamiritsa kukhoma. Pakati pa zitsulozo panali kiyi wautali wotsegulira mpopi wa mumsewu. Ndinamukumbukira liti? Titachoka kale kumochale, bokosi lili kumbuyo, anzanga anayi ataligwirira, ndikuona mpopi uja ukubwera kutsogolo. Ndinapapasa pambali pa mpando, palibe. Kubwerera kusiteshoni kunali kutali, teni koloko inali itadutsa, ansembe akudikira. Ndiye ndinadziuza mawu opusa kuposa onse amene ndinayankhulapo pa moyo wanga: kodi pamaliro pamabuka moto?

Tinali titapangana kuti pofika pakhomo belu lilire katatu kokha, pang'onopang'ono, kutsanzika mnzathu. Woliza belu masiku onse anali Mulenga, Mbemba wamtali wa pakamwa posatseka, koma tsikulo anali kumbuyo atagwira bokosi, ndiye chingwe chinatsalira ine. Titakhota kulowa mumzere wa nyumba yawo, ndinaona ana a Bambo Lungu ataima pakhomo, kamkazi kakang'ono pa onsewo katavala diresi lalikulu lobwereka. Maso anga anadzaza. Dzanja linapita ku chingwe lokha, ndipo linachita zimene linazolowera kuona Mulenga akuchita. Ngelengelengelengele! Belu la moto, lathunthu, lothamangitsa anthu mumsewu!

Mayo ine! Khamu lonse linabalalika. Ena "Moto!", ena "Umulilo!", azibambo kudumpha mabenchi, akwaya kutaya mabuku. Mayi wina amene ankaphika pambali pa msasa wa udzu anadzambatuka, chitenje chinakola mbaula, makala onse waa m'udzu. Udzu wa Okutobala mumaudziwa. Kuphethira kamodzi, msasa wonse unali lawilawi, ndipo unali wogundana ndi nyumba mmene munali anamfedwa ndi azimayi olira.

Mukuganiza kuti pamenepo ndinakumbukira za thanki? Ayi ndithu! Mtima unati lero ndi lero, aone amene ankanyoza aja. Ndinalumpha pansi, chisoti kumutu, ndinakuwa ndi mawu onse, "Patukani! Patukani! Ozimitsa moto tilipo kale!" Anzanga anasiya bokosi, anatambasula paipi mwaukatswiri, anthu mpaka anaima kuti aonerere. Mulenga anagwira kukamwa kwa paipi, anatang'adza miyendo, analoza pamoto. Ine ndinatsegula pampu.

Nkhalamba inatsokomola. Inatsokomolanso. Paipi inagwedezeka pang'ono, kenako inalavula timadzi tosadzaza ngakhale kapu, tinagwera pa jombo ya Mulenga yemweyo.

"Amenshi, we Mungoni!" anakuwa Mulenga. "Madzi ali kuti?"

Ndinkangopotokola zitsulo uku ndi uku ngati pali china chawonongeka, koma ndinkadziwa. Madzi onse ndinali nditawasiya pabwalo pa siteshoni, akuuma padzuwa.

Anatipulumutsa ndi azimayi. Anathira madzi ophikira, anatha. Anathira otsukira mbale, anatha. Mpopi wa komboni unali kutali, ndiye mayi wina wamphamvu anaitana anzake, ananyamula mgolo wonse wa munkoyo, chakumwa chonga thobwa chimene anakonzera anthu ochokera kumanda, khuthu pamoto! Wachiwiri, khuthu! Moto unazima, utsi ukununkhira chimanga chopserera. Ife amuna asanu a yunifolomu, mabatani akuwala, titaima ndi paipi youma m'manja.

Achibemba ndi asuweni athu a chimbuya, pamaliro a munthu wa kwathu kum'mawa amatinyoza mmene afunira ndipo sukwiya. Tsikulo sanavutike kufuna chonena. Azimayi awo anandipaka phulusa lonyowa kumaso, wina anandipatsa kapu kuti ndikathire m'galimoto yanga imwe. Zimenezo ndinapirira. Chimene chinandilasa ndi mawu a bambo wina kumbuyo, amene sankaseka n'komwe: "Si tinanena? Othirira maluwa." Nditatembenuka ndinaona bokosi lili lokha pamwamba pa Nkhalamba, padzuwa, tonse titaliiwala. Munthu anandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti afike kwawo mwaulemu.

Tinawaika mochedwa, anthu anabwerako kumanda kukhosi kuli gwa, popanda chakumwa. Bwana anandichotsa pa chiwongolero, miyezi ingapo ndinkangokwecha mapaipi ndi kuwayanika. Sindinadandaule, chinali chilango chochepa.

Chimene ndinkaopa chinali kukaonana ndi amake Rozina, mkazi wa malemuyo. Ndinapita patatha masiku awiri. Ndinawapeza akumanga katundu m'mitolo, chifukwa nyumba inali ya ntchito, ndipo mwini ntchito atapita anayenera kubwerera ku Katete ndi ana. Khoma linali likadali lakuda ndi mwaye. Ndinavula chipewa, ndinagwada pakhomo.

"Dzukani, alamu," anatero. "Mudetsa buluku."

"Ndawachititsa manyazi akulu anga, alamu. Anandituma kuti ana aone, ndiye taonani zimene aona."

Anapinda jekete la amuna awo. Kenako anati, "Ana amenewa ankandifunsa kuti kodi atate amakachita chiyani kusiteshoni m'mamawa onsewa, popeza moto subuka tsiku lililonse. Ine ndinkasowa chowayankha. Dzana aona okha. Atate awo angosiya sabata imodzi kupisa mkono m'thanki, amuna asanu athunthu azimitsa moto ndi munkoyo."

Anayamba kuseka, anagwira pakamwa ndi jekete lija, ndipo kusekako kunasanduka kulira osadukiza pakati. Inenso chimodzimodzi, titakhala pa mitolo, phulusa likutiulukira m'maso. Pochoka anandipatsa ndowa yawo yachitsulo, anati ndi yolemera kukwera nayo basi. Kenako anawonjeza kuti, "Koma muziikamo madzi, alamu."

Ndowa imeneyo ndi iyo ili paseri pa chitsekoyo, pitani mukapise mkono muone. Kuchokera tsiku lija sindinalizenso belu la mtundu uliwonse, ngakhale kutchalitchi atandipempha ndimati dzanja likupweteka. Ndipo ndikadzafa ine, chonde ana inu, galimoto yonditenga musaitsuke. Ibwere ndi fumbi lake, bola thanki ikhale yodzaza.