Denga la Kumapiri pa Shedi ya Azakhali

Ndiyambe ndi kunena kuti palibe anamwalira. Ndikutero chifukwa momwe azakhali anga amaikambira nkhaniyi kutchalitchi, munthu ungafunse kuti maliro anaikidwa kuti.

Nditasiya koleji ya zomangamanga (sindinalephere ayi, ine ndi mayeso tinangosiyana maganizo), azakhaliwo, omwe ndi nesi, anandisunga m'kachipinda kawo ku Ilford. Tsiku lina anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kundilozera shedi yodontha momwe amasungamo katundu wotumiza kumudzi.

"Iwe, kukoleji kuja sunatoleko kalikonse? Folera shediyi chisanu chisanafike. Ukalakwitsa, ukafune kwina kogona."

Sanaseke. Ine mu London muno kwina kogonako ndinalibe.

Mantha anga onse anali pa sinoo, chipale chofewa chija chimagwa m'chisanu kuno. Mvula ndimaidziwa, tinakulira limodzi, koma sinoo ndi mlendo wosalonjera. Ndinayamba kuonera mavidiyo a nyumba za kumapiri ozizira, kumene madenga amatitimira sinoo akaunjikana. Akatswiri ake amati malata akhale okhuthala, osalala, ndipo denga litsetsereke kwambiri kuti sinoo asapeze pokhala. Zoti ku Ilford kulibe ngakhale chulu, komanso sinoo amangobwera mwa apo ndi apo, sindinazilabadire. Munthu wamantha samva zimenezo.

Kusitolo wogulitsa anandiyang'ana n'kufunsa kuti nyumbayo ili kuti.

"Kumtunda," ndinayankha. (Si bodza. Shediyo ili kumtunda pang'ono kwa khitchini.)

Kenako anatulutsa tizitsulo tina tokhomera m'mphepete mwa denga, akuti timagwira sinoo kuti asagwe yense nthawi imodzi. Ndinamwetulira. Kwathu wogulitsa akayamba zoti "tenganinso aka", umadziwa kuti akufuna kukudyera. Ndigule malata oterera, kenako ndigulenso choletsa kuterera? Ndinakana mwaulemu.

Pokhoma ndinachita monga timachitira kwathu: denga kulitsetseretsa cha kukhomo, kuti madzi a mvula azigwera mumgolo pafupi ndi chitseko, azakhali azithirira mpiru wawo osayenda mtunda. Litatha, linasongoka kuposa nyumba yeniyeniyo.

"Koma ndiye ngati tchalitchi," anatero azakhali. Mpaka lero sindidziwa ngati kunali kuyamikira.

Sinoo anabweradi, wambiri ndithu. Ine ntchito inali kusuzumira pawindo, kudikira kuti denga lititimire. Silinasunthe. Ndinayamba kuyenda m'nyumbamo ngati munthu wa digiri.

Lamulungu m'mawa kadzuwa kanatuluka. Azakhali, atatchena za kutchalitchi, duku ili nji, analowa m'shedi kukatenga nsapato zoti akapatse mnzawo wopita kumudzi. Chitseko chake chimavuta kutseka, ndiye potuluka anachimenyetsa mwamphamvu. Ndili kukhitchini ndinangomva kuti fwaaa, kenako zii.

"Mayo ine! Iwe! Iweee!"

Ndinawapeza ataima pomwepo, ali mbuu kuyambira kumutu, duku itapendama, chikwama chodzaza sinoo mpaka pakamwa. Malata aja anachita zonse zimene mavidiyo analonjeza, nthawi imodzi, pamalo amodzi. Amake Mwila, aneba athu a ku Zambia, anasuzumira pampanda.

"Amai, lelo mwaganiza zosambila panja?"

Apa munthu wanzeru akanagwada. Ine ndinakonza kukhosi.

"Azakhali, tikaona mwaukadaulo, dengali lagwira ntchito. Taonani, pamwamba palibe watsala."

"Watsalayo ali m'bulauzi mwanga, chitsiru iwe!"

Kutchalitchi sanapite. Sanandiyankhulenso tsiku lonse. Ndinalongedza chikwama changa n'kuchikhalira, kuganizira anzanga amene ali ndi sofa yaitali (onse ndi a sofa zazifupi ndi akazi okhwima). Madzulo ndinamva akutsegula shedi, akusuntha makatoni. Kenako anagogoda.

"Katundu sananyowe," anatero, nkhope ili gwa. "Masula chikwamacho. Koma kuyambira lero chitseko chija uzitsegula ndiwe, uzitseka ndiwe. Ine ndiziima patali."

Ndi mmene tikukhalira. Akafuna kanthu m'shedi amaima pakhomo la khitchini, manja m'chiuno, ine n'kumenyetsa chitseko, mutu uli pansi pa denga langa lomwe. Amandichititsa zimenezi ngakhale mu Julaye, dzuwa likuswa mtengo, Amake Mwila akuonerera pampanda.

Phunziro lilipo ndithu. Ukamafolera, uzifunsa kaye kuti chotsetserekacho chikagwera ndani. Ine ndinalidziwa yankho mochedwa, ndipo yankholo ndi limene limandiphikira.